Kompyuta yakana kuyaka mutatsegula XMP: jampa, batire kapena BIOS yatsopano?

Mwagula RAM ya DDR4 yolembedwa 3200 papaketi, koma Windows ikuonetsa 2133. Mwalowa mu BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yaikulu ya kompyuta yomwe imayamba Windows isanatseguke), mwatsegula XMP (makonzedwe a liwiro lapamwamba osungidwa mu RAM momwemo), mwasunga ndi F10. Mafani akuzungulira, sikirini ili bii, ndipo kagetsi kolembedwa DRAM pabolodi kangoyakiratu. Musathamangire kukwera basi ya ku Lilongwe mutanyamula bokosi lonselo. Kawirikawiri palibe chapsa.

Chachitika ndi ichi. RAM ya DDR4 ikangoikidwa imayenda pa liwiro loyambira la JEDEC (bungwe loika miyezo ya RAM), monga 2133 kapena 2400, pa mavoti 1.2. XMP, yomwe ASUS imaitcha DOCP pa mabolodi a AMD, imaikankhira pa 3200 kapena 3600 ndi mavoti 1.35. Koma amene amayendetsa RAM ndi memory controller ya mkati mwa purosesa, ndipo iyo ili ndi polekezera pake. AMD inalonjeza 2666 pa mapurosesa ake a Ryzen oyamba a 2017, 2933 pa Ryzen 7 2700X ndi zinzake, ndi 3200 pa Ryzen 5 3600 ndi 5600X. Kupitirira apo ndi mwayi. Kompyuta zakale za muofesi za Dell ndi HP, zomwe zadzadza m'mashopu osindikizira zikalata pa Dedza boma ndi pa Ntcheu, zambiri zilibe XMP n'komwe, ndiye izi ndi za makina omanga nokha.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kudikira. Mabolodi ambiri akalephera kuyaka kangapo motsatizana amabwerera okha pa liwiro loyamba n'kukupemphani kulowa mu BIOS. Pa RAM yatsopano ya DDR5 kudikira n'kofunika zedi, chifukwa bolodi imayamba yayesa RAM ndipo sikirini ikhoza kukhala yakuda mphindi zingapo makina ali bwinobwino. Ipatseni mphindi 5. Ambiri amazimitsa pa mphindi yoyamba n'kumati yafa.

Zikakanika, mpikisano weniweni uli pakati pa jampa ndi batire. Zonse ziwiri zimafufuta zomwe munasunga mu BIOS, koma sizifanana pa ntchito. Jampa ndi timapini tiwiri, nthawi zambiri m'munsi mwa bolodi: ASUS imalemba CLRTC, MSI imalemba JBAT1, Gigabyte imalemba CLR_CMOS. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira masekondi 10 kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako gunditsani nsonga ya sikuludiraiva pa timapini tonse tiwiri masekondi 10. Basi. Choopsa chake n'kugunda timapini tina, popeza pafupi pamakhala ena ofanana nawo, choncho unikani ndi tochi ya foni muwerenge zilembozo musanagunde.

Batire ndi kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032 ya mavoti 3. Palibe chosokoneza pokapeza, koma imachedwa: muichotse mphindi 5 chingwe chili chozula, ndipo pa mabolodi ambiri ili pansi pa graphics card, ndiye muyambe mwachotsa khadiyo. Kachitsulo kogwira batire n'kosalimba, kakanikizeni ndi chikhadabo, osati kukatukula ndi mpeni. Ubwino umodzi womwe jampa ilibe ndi wakuti mumapeza mpata woyeza batireyo. Ngati mita ikuonetsa pansi pa mavoti 2.8, kapena wotchi ya kompyuta imabwerera m'mbuyo magetsi akathima, gulani ina kwa okonza mawotchi kumsika. Kupatula pamenepo, jampa ndiyo yabwino.

Chenjezo pa zonse ziwiri: kufufuta BIOS kumabweza zinthu zina zomwe simunaziganize. Ngati Windows inaikidwa SATA (njira yolumikizira disiki) ili pa RAID ndipo tsopano yabwerera pa AHCI, mudzaona sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ngati muli ndi BitLocker, loko ya Windows yotetezera disiki, ikhoza kufuna kiyi yake ya manambala 48. Konzaninso tsiku ndi nthawi, apo ayi masamba a intaneti akana kutseguka.

Kagetsi ka DRAM kakapanda kuzima ngakhale mwafufuta, vuto si XMP. Siyani RAM imodzi yokha mu siloti ya A2, yachiwiri kuchokera pa purosesa, ndipo ikanikizeni mpaka ilire kuti "tha". RAM ziwiri zimakhala mu A2 ndi B2, osati moyandikana. Fumbi la mu Okutobala limalowa m'masilotimo, ndiye uzirani ndi kapompa n'kupukuta timano tagolideto ndi kansalu kouma.

Yayaka. Nanga liwiro lija? Apa pali njira zitatu ndipo sizilemera mofanana.

Kusiya XMP yozima n'kokwanira kwa amene amalemba zikalata ndi kusindikiza. Koma ngati muli ndi Ryzen 5 5600G kapena 3400G yopanda graphics card, zithunzi zimadalira RAM yomweyo, ndipo 2133 imaonekeratu pa magemu.

Kutsitsa liwiro pamanja ndiko kothandiza anthu ambiri. Tsegulani XMP kuti ikupatseni matayimingi (manambala a nthawi yomwe RAM imadikira pogwira ntchito) ndi mavoti 1.35, kenako pa DRAM Frequency sankhani nokha 2933 kapena 3000 m'malo mwa 3200. Ikayaka, yesani ndi MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM yoyendera pa fulashi, maulendo 4 athunthu. Cholakwika ngakhale chimodzi chikutanthauza kuti mutsikenso. Kuyaka kokha si umboni, pakuti RAM yosakhazikika imawononga mafayilo mwakachetechete, mudzangoona ntchito ya kasitomala yakana kutseguka. Mukaika RAM zinayi, kapena mukasakaniza ziwiri zogula padera, yembekezani kutsika kwambiri ngakhale zilembo zikufanana. Ena amakonda kukweza mavoti m'malo motsitsa liwiro. Kufika 1.37 kapena 1.38 pa DDR4 kumathandiza nthawi zina, koma SoC voltage (mavoti a mbali ya purosesa yomwe ili ndi memory controller) musaiseweretse: mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000 anapsa, ndipo AMD inaika malire a mavoti 1.3.

BIOS yatsopano ndiyo imachizadi vutoli pa mabolodi akale a B350 ndi B450, chifukwa AMD inakonza kayendetsedwe ka RAM m'ma AGESA otsatira, mapulogalamu ake okhala mkati mwa BIOS. Koma magetsi akathima BIOS yatsopanoyo ili pakati polembedwa, bolodi ikhoza kusanduka chokongoletsera shelefu. Ngati mulibe UPS kapena inveta, musayese nthawi ya mvula ya ziphaliwali. Mabolodi okhala ndi batani la Flashback, lomwe Gigabyte imalitcha Q-Flash Plus, amatha kulembanso BIOS ngakhale sakuyaka: fulashi ikhale ya FAT32, fayilo ipatsidwe dzina lomwe kampani ikufuna, monga MSI.ROM kapena GIGABYTE.bin, ndipo ilowe pa USB yokhayo yolembedwa BIOS kumbuyo kwa bolodi.