Dynaco ST-70: ampulifaya ya mavalavu yofunika kuikonzetsa musanaimvetsere

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo ndikanati ndiyambirenso ndikanagula yomweyi. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti uyu si katundu woti mwagula, mwafika naye pakhomo, mwalumikiza kumagetsi, nyimbo zayamba. Ndi makina achikulire. Amene akufuna kuwagula aikiretu padera ndalama ya mmisiri komanso ya masipika oyenera, apo ayi adzanyoza chinthu chabwino popanda chifukwa.

ST-70 inatuluka mu 1959 ku Philadelphia, m'dziko la America, kuchokera ku kampani ya David Hafler. Ambiri ankaigula ili zidutswazidutswa m'katoni n'kukailumikiza okha kunyumba ndi chitsulo chowotcherera, motsatira kabuku ka malangizo. Inagulidwa kwambiri, n'chifukwa chake mpaka lero imapezeka pamisika ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo zipangizo zake zikupangidwabe. Imatulutsa mawati 35 mbali iliyonse. Ili ndi mavalavu (timababu tagalasi tonga ta m'mawailesi akale) asanu ndi awiri: anayi a EL34 omwe amakankha masipika, awiri a 7199 omwe amalandira nyimbo n'kuikuza, ndi imodzi ya GZ34 yomwe imawongola magetsi ochokera kukhoma. Kumbuyo kwa mavalavuwo kuli mathiransifoma atatu. Yapakati ndi ya magetsi, ziwiri zam'mbalizo ndi za mawu, zotchedwa A-470.

Mathiransifoma a mawuwo ndiwo chuma chenicheni cha makinawa. Valavu imagwira ntchito ndi mavoti ambiri koma mphamvu yoyenda m'waya imakhala yochepa, pomwe sipika imafuna zosemphana ndi zimenezo, ndiye pakati pawo pamayenera kukhala thiransifoma. Ikakhala yosapangidwa bwino, mawu apansi amafooka, apamwamba amazilala, ndipo palibe valavu yodula imene ingabweze zimene zatayika pamenepo. Hafler anali katswiri wa mathiransifoma asanayambe kugulitsa maampulifaya. Mu 1951, iye ndi Herbert Keroes anatchukitsa kalumikizidwe ka mavalavu ku thiransifoma kotchedwa ultralinear, komwe ST-70 imagwiritsa ntchito. Choncho pogula, funsani wogulitsa za mathiransifomawo musanafunse za china chilichonse. Dzimbiri pachitsulo si vuto. Mavalavu otha si vuto. Koma A-470 ikakhala yopsa, mtengo utsike kwambiri kapena muisiye.

Yanga inachokera ku America kudzera mwa m'bale wanga, kufika nayo kuno ku Blantyre. Wogulitsayo anaitumiza mavalavu ali m'mabowo mwake osawakulunga paokha, ndiye imodzi ya EL34 inafika itang'aluka. Inuyo mukamaitanitsa, muumirire kuti valavu iliyonse aizule, aikulunge payokha, ndipo alembe bowo limene yachokera. Kumbukiraninso kuti makinawa amalemera makilogalamu oposa 14, ndiye mtengo wonyamulira si wamasewera.

Ikafika, musailumikize kukhoma. Ndikubwereza dala, musailumikize. Zambiri mwa izi zinapangidwira magetsi a ku America a mavoti 120, pomwe athu kuno ndi 230. Ena amagula thiransifoma yotsitsira magetsi n'kuthera pomwepo, ndipo zimatheka. Koma pali kanthu kena komwe ambiri sakaganizira. Magetsi a ku America amasinthasintha maulendo 60 pa sekondi, athu maulendo 50, ndipo thiransifoma yopangidwira 60 imatentha kwambiri ikamadya 50. Ya ST-70 imadziwika kale kuti imatentha ngakhale kwawo komweko. Ine ndinasankha kuichotsa n'kuikamo yatsopano ya mavoti 230, yakaleyo ndinasunga m'katoni. Inali ndalama yambiri ndithu, koma tsopano ndimamvetsera madzulo onse mtima uli m'malo.

Ntchitoyi anaigwira bambo wina wachikulire amene anayamba kukonza mawailesi masiku omwe mavalavu anali asanasowe m'misika. Sindikutchula dzina lawo, koma ndikufuna kuwayamikira, chifukwa ntchito yawo ndi theka la ndemangayi. Atatsegula pansi anayang'anitsitsa nthawi yaitali osakhudza kanthu, kenako anati, "Achimwene, amene anamanga iyi anali ndi dzanja labwino. Tisinthe zokalamba zokha, zinazi tizisiye." Ndinagwirizana nawo.

Zokalambazo zinali izi. Choyamba, kapasita (chipangizo chosunga magetsi) wamkulu wooneka ngati chitini amene amaima pakati pa mavalavu; mkati mwake muli makapasita anayi, ndipo akauma ndi zaka amabweretsa kulira kwa "mmmm" m'masipika, mwinanso kuwononga GZ34. Chachiwiri, kachipangizo ka selenium komwe kamapereka magetsi a bias, omwe amaika muyezo wa magetsi amene ma EL34 amakoka. Kameneka kakafooka, ma EL34 amayamba kukoka magetsi mopyola muyezo mpaka chitsulo cha mkati mwake kufiira, ndipo ikatero valavuyo yatha. M'malo mwake anaikamo dayodi wamba wa 1N4007, wa mtengo wochepa kwambiri. Anasinthanso makapasita ang'onoang'ono a pabolodi, marezisita omwe anali atasiya muyezo wake, ndi chingwe cha kukhoma. Chakale chinali cha mawaya awiri okha; chatsopanochi ndi cha atatu, wachitatuyo wolumikiza chitsulo chonse kunthaka. Pa mfundo imeneyi musanyengerere munthu. Mkati mwa makinawa mumayenda mavoti oposa 400, ndipo makapasita amatha kusunga magetsiwo ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Ngati simunaphunzire ntchitoyi, musalowetsemo dzanja.

Pali mkangano pakati pa eni ake a ST-70 wokhudza bolodi ya mavalavu a 7199. Valavu imeneyi njosowa ndipo yabwino imadula. Ena amaika kosinthira pabowo kuti alowetsepo 6GH8A yomwe imapezeka mosavuta, ena amachotsa bolodi yonse n'kuikapo yamakono ya mavalavu ena. Ma 7199 anga anali amoyo, ndiye tinawasiya. Maganizo anga ndi akuti muyambe mwaimva mmene anaipangira eni ake. Mukathamangira kusintha zonse tsiku loyamba, simudzadziwa chimene mwawonjezera kapena chimene mwataya.

Kutchera bias ndi ntchito yokhayo yomwe mwini wake ayenera kuidziwa, ndipo njosavuta. Mumayatsa, mumadikira itenthe, n'kupima ndi mita pakabowo kolembedwa kutsogolo, uku mukupotoza kosinthira ka mbali imeneyo mpaka mita ionetse mavoti 1.56. Nambalayi ikutanthauza kuti mavalavu awiri a mbali imeneyo akukoka mamiliampu 100 onse pamodzi, 50 iliyonse. Anaisankha dala kuti ifanane ndi mphamvu ya batire latsopano la tochi, kuti munthu wa mita yotchipa athe kuiyesa kaye pabatire ngati ikunena zoona. Nzeru zoterezi, zoganizira munthu wamba amene akumanga makina patebulo la kunyumba, ndi zimene zinandikondetsa ST-70. Kosinthira n'kamodzi pa mavalavu awiri, choncho ma EL34 muzigula awiriawiri opimidwa kuti ndi ofanana mphamvu. Magetsi a kukhoma akakwera kapena kutsika, nambala ija imasunthanso, ndiye ine ndimapima kawirikawiri, makamaka usiku pomwe ndimamvetsera.

Tsopano mawu ake. Chimene ST-70 imachita bwino kuposa china chilichonse ndi mawu a munthu ndi zoimbira zapakati: gitala yosalumikiza kumagetsi, piyano, lipenga, malimba. Ndikaika kwaya, sindimva chigulu cha anthu chongophatikizana. Ndimamva amayi a sopurano kumanzere, abambo a besi chakumbuyo, ndi wotsogolera nyimbo akukoka mpweya asanayambe ndime. Pa gitala mumamva chala chikutsetsereka pawaya, komanso thupi la gitalayo likulira pambuyo pa wayawo. Ng'oma yachikopa imamveka kuti ndi chikopa, ndipo mumasiyanitsa pomwe woimba wamenya pakati ndi pomwe wamenya m'mphepete. Mawu apamwamba salasa m'khutu. Ampulifaya yomwe ndinali nayo kale, ya matiranzisita, inali yamphamvu kuposa iyi, koma ndikamvetsera kwa nthawi ndinkapezeka ndikutsitsa voliyumu. Ndi iyi chimbale chimatha, ndimaika china, mpaka a m'nyumba kundikumbutsa kuti kunja kwada kalekale. Nyimbo zakale zojambulidwa ndi zipangizo zosakwanira, zomwe ife tili nazo zambiri, zimapindula kwambiri. Makinawa sabisa kuti kajambulidwe kanali kovuta, koma sakukuzirani zolakwikazo.

Ikafika pamapeto a mphamvu zake siswa mawu mwadzidzidzi. Imayamba kufewa, zoimbira zimayamba kupanikizana, ndipo mumadziwa nokha kuti mubwerere m'mbuyo pang'ono.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha besi. Alipo, ndi wonenepa bwino, koma sagwira zolimba. Pa rege, amapiano ndi nyimbo zina zamakono zomwe besi wake amapangidwa pakompyuta, ampulifaya yabwino ya matiranzisita imagwira sipika mwamphamvu kuposa iyi. Kugunda kumayamba n'kuima pomwepo, pomwe pa ST-70 kumatsalira pang'ono. Kusintha makapasita a magetsi kunathandizako, koma khalidwe lake ndi lomwelo. Amene moyo wake uli pa besi wogwedeza mawindo, kapena akufuna choimbira pa chinkhoswe, ayang'ane kwina.

Nkhani yaikulu, yomwe ndikufuna aliyense aimve, ndi ya masipika. Poyamba ndinailumikiza ku masipika ang'onoang'ono omwe ndinali nawo kale, olembedwa 84 dB (nambala yosonyeza mmene sipika imakwezera mawu ikapatsidwa wati imodzi). Mawu anali okoma koma opanda moyo, ngati woimba akudziletsa. Nditapeza ena akuluakulu a 90 dB, makinawa anadzuka. Masamu ake ndi awa: kuti mawu akwere ndi 3 dB, ampulifaya iyenera kutulutsa mphamvu yowirikiza kawiri. Ndiye kusiyana kwa 6 dB kukutanthauza kuti masipika oyamba aja ankafuna mphamvu yowirikiza kanayi kuti amveke mofanana ndi achiwiriwa. Mawati 35 pa masipika a 90 dB amadzaza pabalaza pa nyumba wamba n'kutsala. Pa masipika ouma mutu, mawati omwewo amatha nyimbo isanafike pachimake. Kumbuyo kuli polumikizira pa 4, 8 ndi 16 ohms. Yambani ndi pomwe pakufanana ndi masipika anu, koma yesaninso pa 4. Kwa ine besi anagwirako bwino pamenepo ngakhale mawu anatsika pang'ono. Ndipo musaiyatse n'kuimba popanda masipika olumikizidwa, mungaphe mathiransifoma aja.

Za mavalavu, anthu amataya ndalama zambiri posaka ma EL34 akale a Mullard opangidwa ku Blackburn, ku England. Ndi abwino, sindikutsutsa, koma mtengo wake lero ndi wa anthu osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo pogula patali simungatsimikize kuti atsala ndi moyo wotani. Atsopano akupangidwa ku Slovakia, ku Russia ndi ku China. Anga ndi a ku Slovakia, ndipo ndakhutira nawo. Mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mavalavu anasowa pamsika ndipo mitengo inakwera, ndiye kwa ife okhala kutali ndi ogulitsa ndi nzeru kusungiratu awiri ofanana, GZ34 imodzi ndi mafyuzi. Kusintha mtundu wa valavu kumasinthadi mawu, koma pang'ono poyerekeza ndi kusintha masipika kapena kungowasuntha kuwachotsa pakona. Zingwe zodula kwambiri sindinazionepo phindu. Waya wakopa wonenepa bwino wandikwanira.

Kutentha kulipo. Mu June imafunditsa pabalaza ngati kambaula, koma mu Okutobala mumaimva ndithu, ndipo masana otentha ndimaisiya ipume. Isakhale m'kabati yotseka. Pamwamba pake pasakhale kanthu, ngakhale kansalu kokongoletsa. Ngati m'nyumba muli ana, chivundikiro chake chachitsulo chizikhala chomangidwa nthawi zonse, chifukwa galasi la EL34 limawotcha khungu nthawi yomweyo. Imadyanso magetsi okwana pafupifupi mawati 190 kaya ikuimba mokweza kaya mwakachetechete, ndiye a mayunitsi ogula ndi a sola awerengere zimenezo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa kutentha ndi magetsi akathima n'kubwerera nthawi yomweyo. GZ34 imatentha pang'onopang'ono poyatsa, zomwe zimateteza makina onse. Koma magetsi akabwerera iyo ikadali yotentha, chitetezo chimenecho palibe, ndipo imatha kuthetheka mkati. Bambo aja anandiuza kuti magetsi akangothima ndizithamangira kuzimitsa switchi, ndidikire mphindi zingapo akabwera. Pambuyo pake ndinagula kachipangizo kapakhoma kochedwetsa magetsi, konga komwe timaika pafiriji, ndipo ndikulangiza aliyense kuno kuti asaiyatse popanda kameneka.

Tina ting'onoting'ono: ilibe posinthira voliyumu, ndiye pamafunika preamp, chipangizo chomwe nyimbo imayamba yadutsamo isanalowe muampulifaya, chokhala ndi posinthira voliyumu. Dynaco inali ndi yakeyake yotchedwa PAS, koma ina iliyonse yabwino imagwira. Polowetsera zingwe za nyimbo mpoyandikana kwambiri, moti mapulagi onenepa amasiku ano sakwana onse awiri. Zomangira mawaya a masipika ndi tizisikuluwu tating'ono tofuna sikuludiraiva ndi kuleza mtima. Mu 1959 zimenezi zinali zokwanira, ndipo mmisiri angathe kuzisintha mosavuta.

Ndingailimbikitse kwa munthu wokonda kukhala pansi n'kumvetsera chimbale kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, amene ali ndi mmisiri womudalira pafupi, komanso amene sangadandaule kugwira mita nthawi ndi nthawi. Musanatumize ndalama, pemphani wogulitsa zithunzi za pansi pake atatsegula, akuuzeni ngati mbali zonse ziwiri zikuimba, ngati mathiransifoma a mawu ali enieni a A-470, ndi zomwe zinasinthidwapo kale. Akamazemba mafunso amenewa, dikirani ina, chifukwa zilipo zambiri pamsika.