Power BI kapena Tableau: ndinaziyesa ndi kope la mayi ku Lizulu

Pa kosi yathu ku yunivesite anatiuza kuti aliyense apeze deta, aikonze, apange dashboard (tsamba loonetsa manambala m'zithunzi) yoti mwini bizinesi akangoiponya maso adziwe momwe malonda akuyendera. Anzanga ambiri anangotsitsa deta pa intaneti. Ine holide inandipeza kwathu ku Lizulu, choncho ndinabwereka kope lomwe mayi amalembamo za kachewere: matumba omwe apikula kwa alimi a ku Tsangano, ndowa zomwe agulitsa, ndi mayina a omwe atenga pa ngongole. Ndinakopera zonse mu Excel, kenako ndinayesa mapulogalamu awiri omwe tinaphunzira.

Ndiyambe ndi Power BI ya Microsoft, yomwe inatuluka mu 2015. Power BI Desktop ndi yaulere, ndipo mukangoiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Kwa ife odalira bandulo, nkhani yaikulu ndi imeneyo. Koma imafuna Windows. Mnzanga wa Mac ankachita kubwereka laputopu. Komanso kuti muike ntchito yanu pa intaneti ena aione, pamafunika imelo ya sukulu kapena ya kuntchito, ya Gmail siiloledwa.

Pomwe Power BI inandigwira mtima ndi Power Query, chida chake chokonzera deta. M'kope la mayi, dzina la malo amodzi limalembedwa mosiyanasiyana: pena Ntcheu, pena Ncheu monga ankalembera akale, pena "boma" basi. Kompyuta imaona ngati ndi malo atatu. Mu Power Query mumakonza kamodzi, iyo nkusunga sitepe iliyonse yomwe mwachita, moti sabata yotsatira mukawonjezera malonda atsopano mumangodina Refresh, zonse zakonzeka zokha. Chowawa ndi DAX, chilankhulo cha Power BI cholembera masamu. Poyamba imaoneka ngati mafomula a Excel, munthu nkudziona ngati wafika kale. Dikirani mukumane ndi fomula yake yotchedwa CALCULATE. Mu Excel mumaloza kabokosi kamodzi, pomwe mu DAX yankho limasintha kutengera zomwe mwasefa pa tsambalo. Ndinagona mochedwa masiku angapo, chofunda pamutu chifukwa cha chisanu cha June, ndisanamvetse chifukwa chomwe phindu la mwezi limasiyanirana ndi la m'kope.

Tableau inayamba mu 2003 kuchokera ku kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford, ndipo kampani ya Salesforce inaigula mu 2019. Pa zojambula, tisanamizane, Tableau ndi katswiri. Mumangokoka "mwezi" kuponya uku, "matumba" kuponya uko, chithunzi chatuluka kale, chooneka bwino osachikometsera. Imagwira pa Windows ndi pa Mac pomwe. Ndikafuna kufunsa deta mafunso ambiri mwachangu, dzanja limathamangira kumeneko. Yolipira ndi yodula kwa mwana wasukulu, ndiye ambiri timagwiritsa ntchito Tableau Public yaulere. Apa chenjerani, anzanga: chomwe mwaika pa tsamba la Tableau Public aliyense padziko angathe kuchiona. Ine ndinatsala pang'ono kuulutsa mayina a anthu onse omwe ali ndi ngongole kwa mayi, ena mwa iwo achibale. Mlandu wake ukanathera kwa amfumu. Ngati mukufuna chokaonetsa pofunsira ntchito, tengani deta yomwe inatulutsidwa kale kuti aliyense aione, monga ya kalembera wa 2018 ya National Statistical Office, yomwe inapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu ndi 830,512 ku Dedza.

Excel nayo musaipeputse. Tsamba limodzi limanyamula mizere 1,048,576, ndipo kope la mayi silingafike kumeneko ngakhale adzukulu atapitiriza geniyo. Power Query ilimonso mu Excel ya masiku ano, ndipo pivot table, chida cha Excel chowonkhetsera deta m'magulu, ikanayankha theka la mafunso anga.

Ine ndasankha Power BI, chifukwa ntchito yambiri ili pa kutsuka deta, kujambula kumabwera kumapeto, ndipo yemwe amadziwa kale Excel sayambira pansi. Muli ndi Mac, kapena mtima wanu uli pa zithunzi zokopa maso, Tableau sikukhumudwitsani.

Nditamaliza ndinawaonetsa mayi. Anayang'ana mzere wa mitengo ukukwera ndi kutsika, nkunena kuti zimenezo amazidziwa ine ndisanabadwe. Chomwe anafuna ndi tsamba la angongole, kuyambira wamkulu kutsika mmunsi, ndiwalembere pa pepala tsiku la msika lisanafike.