Magazini a pa intaneti: kowerenga n'kwina, kotumiza nthano n'kwinanso

Anzanga olemba ndakatulo kuno ku Joni, ku Rosettenville ndi ku Yeoville komwe, akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi: kodi zolemba zathu titumize kuti? Ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi.

Ndiyambe ndi ya pakhomo, The Johannesburg Review of Books. Inayamba mu 2017 ndipo kuwerenga n'kwaulere. Muli ndemanga za mabuku, nkhani zazitali, ndakatulo, nthano ndi zithunzi. Ngati mukufuna kudziwa mabuku amene akutuluka mu Africa muno, kwa ine palibe yoiposa. Koma mtima wake uli pa ndemanga za mabuku, ndipo ambiri olembamo ndi akatakwe amene ali kale ndi mabuku m'masitolo. Inu ongoyamba kumene, werengani ndi kuphunzirako kalembedwe, osathamangira kugogoda khomo limenelo ndi nthano yanu yoyamba.

The Kalahari Review, imene inayambira ku Botswana mu 2012, ndiye imalandira alendo ndi manja awiri. Imatulutsa zolemba pafupipafupi, osadikira kuti mwezi uthe, choncho mayina atsopano amaonekamo kawirikawiri. Zina mwa zolembazo n'zosapsa bwino, zimenezo sindikana. Komabe ndimaikonda, ndipo amene akuinyoza andipeze tikambirane. Lolwe, imene Troy Onyango wa ku Kenya anayambitsa mu 2020, ndi yokongola m'maso ndipo imalipira olemba, n'chifukwa chake mpikisano wake ndi woopsa. Doek! ya ku Namibia inayamba mu 2019, nayonso ndi yaukhondo. Amene nthano zanu zili za mizimu, ndege za ufiti kapena dziko la m'tsogolo, pitani ku Omenana ya ku Nigeria, yomwe yakhala ikusindikiza zoterezi kuyambira 2014.

Tsopano imene inandipsetsa mtima. Ndi magazini ina ya kutsidya kwa nyanja yotuluka mwezi ndi mwezi, yodzaza zithunzi zokopa, yodzitama kuti ikufuna mawu atsopano a ku Africa. Patsamba loitanira zolemba sanatchule za ndalama ngakhale pang'ono. Umalemba dzina, mbiri yako, kuika ndakatulo zako, kenako pomaliza penipeni, dzanja lili kale pa batani, ndi pamene amakuuza kuti ulipire madola 3 oti akuwerengere. Madola 3 amamveka ngati kanthu kochepa mpaka utawasintha kukhala ma rand, banki n'kuwonjezerapo yake yosinthira ndalama zakunja. Imeneyo ndi takisi yopita kuntchito ndi kubwerera.

Sizinathere pamenepo ayi. Pansi pa fomuyo panali kabokosi kochongedwa kale, kovomera kuti ndikhala ndikulipira mwezi uliwonse ngati wowerenga wawo. Mwezi utatha, tsiku la lendi lomwe, foni inalira kuti andidula ndalama ku akaunti. Kuti asiye kudulako ndinachita kulemba makalata okhaokha, oyankha ake makina. Yankho la ndakatulo zanga litabwera patapita miyezi, linali la mizere iwiri: sangazitenge chifukwa zinaonekapo kale pa Facebook. Lamulolo analibisa patsamba lina, ndipo ndalama sanabweze.

Lamulo limeneli lokha si lachinyengo, dziwani zimenezo abale anga. Magazini ambiri, ngakhale abwino, amati cholemba chimene chinaikidwa poyera pa intaneti ndiye kuti chinasindikizidwa kale. Ife Amalawi timakonda kuponya ndakatulo pa Facebook ikangotha kulembedwa kuti anzathu atiyamikire, ndiye apa m'pamene timagwera m'mbuna. Kusiyana kwake n'kwakuti okukanani mwaulere sakudyeranipo kanthu.

Wina anganene kuti nanga kuvutikiranji, osangodzisindikizira wekha? Mphoto ya Caine, yopatsidwa kwa olemba nthano zazifupi a mu Africa, imalandira nthano zosindikizidwa kale, ndipo wotumiza amakhala wosindikizayo, osati mlembi, choncho ukadzisindikizira wekha palibe wokutumizira. Stanley Onjezani Kenani wa kwathu anafika pa mndandanda womaliza wa mphotoyi kawiri, mu 2008 ndi mu 2012.

Chondiwawa pa magazini onsewa n'chakuti zimene ndimawerengamo n'za Chingerezi, ndakatulo ya Chichewa iyambe yamasuliridwa. Ineyo nthano yanga yotsatira ikupita ku The Kalahari Review, ndipo fomu iliyonse yofuna nambala ya khadi la ku banki ndikuitseka pomwepo.