Joe Fulks ndi Jim Pollard: Osewera Kutsogolo a Masiku Oyambirira

Joe Fulks ndi Jim Pollard ankasewera kutsogolo pamene ligi ya basketball ya ku America, yomwe lero ndi NBA, inali yakhanda. Fulks wa Philadelphia Warriors, yemwe ankaponya mpira atalumpha m'mwamba, ankagoletsa mapointi 23.2 pa masewero aliwonse mu 1946-47 ndipo timu yake inatenga chikho; mu 1949 anagoletsa 63 usiku umodzi, ngakhale kuti m'zaka zonse zimene anasewera, pa mipira khumi iliyonse imene ankaponya, itatu yokha ndiyo inkalowa. Pollard wa Minneapolis Lakers ankangopeza mapointi pafupifupi 13, koma pothandizana ndi George Mikan, katswiri wa timu yomweyo, anatenga zikho zisanu pakati pa 1949 ndi 1954. Ine mtima wanga uli kwa Fulks, chifukwa ankasenza yekha katundu amene Pollard ankagawana ndi anzake.