Sayana Press ndi yabwino, koma ofuna mavoti atiuze kuti izipezeka bwanji

Amayi anzanga amene mumafunsa za jakisoni wolerera wodzibaya wekha uja, Sayana Press, ine ndimagwiritsa ntchito ndipo ndi njira yabwino ndithu, bola ikapezeka. Mankhwala ake ndi omwe aja a Depo kungoti muno muli 104 mg pomwe wobaya mumnofu uja ndi 150 mg, ndipo umangobaya pansi pa khungu, pantchafu kapena pamimba, kamodzi pa masabata 13 aliwonse. Kasingano kake ndi kakafupi, kamabwera kolumikiza kale ku kathumba ka pulasitiki komwe muli mankhwala, zomapopa m'botolo palibe. Umakhutchumula masekondi 30, kukankha kachivindikiro mpaka kagundane, kutsina khungu, kubaya nkumafinya kathumbako pang'onopang'ono mpaka mankhwala athe. Ukatha osasisita ayi, singanoyo uponye m'botolo lotseka bwino ana angaitole. Poyamba dzanja limanjenjemera, koma anesi amakuphunzitsa kaye uli pamaso pawo, akaona kuti watha ndi pomwe amakupatsa ena okasunga kunyumba.

Chimene ndimaikondera ndi choti sutayanso tsiku lonse pamzere, transipoti osalipira, ndipo amene safuna kuti aliyense adziwe zoti akulera amasunga chinsinsi chake. Kafukufuku wa ku Malawi amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti patatha chaka, amayi 73 pa 100 odzibaya okha anali akupitirizabe, pomwe obayidwa ndi azaumoyo anali 45 pa 100 basi. WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, nayo imavomereza zodzibaya wekhazi.

Zovuta zilipo, tisanamizane. Msambo umasintha, ena amangodontheza ena umasiyiratu, ena amanenepa, ndipo ukasiya kubaya, mimba ikhoza kuchedwa miyezi ingapo ngakhale mpaka chaka, ndiye ngati mukufuna mwana posachedwa ganizani kaye. Komanso siiteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, kondomu ikufunikabe.

Koma chondiwawa ine si mankhwalawo, ndi mawu aja akuti "zatha, mudzabwere mwezi wa mawa". Ndinawamvapo ndili ndi kakhadi kanga m'manja deti itakwana, nesiyo naye akuoneka kuti zikumumvetsa chisoni koma shelefu ili mbee, ndiye munthu utani, thupi silidikira mwezi wa mawa. Apa ndi pomwe ndale zimalowera. Njira zolerera zambiri m'mayiko osauka zimagulidwa ndi ndalama za mayiko ndi mabungwe opereka thandizo, ndiye chisankho cha dziko lina chimatha kutseka kiliniki ya kwanu. Taonani lamulo la ku America lija la Mexico City Policy, loletsa kupereka ndalama ku mabungwe akunja okhudzidwa ndi nkhani zochotsa mimba, analiyambitsa pulezidenti Reagan mu 1984, Obama analichotsa mu 2009, Trump nkulibweza mu 2017, Biden nkulichotsanso mu 2021, mu 2025 Trump walibwezanso ndipo chaka chomwecho USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, inathetsedwa. Mayi amene sanavote nawo nkomwe ndi amene amabwerera chimanjamanja.

Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja, ku Nigeria, mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ambiri mpaka lero sanafikepo. WHO ikuti mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira chifukwa cha mimba ndi uchembere, ambiri mwa iwo kum'mwera kwa Sahara, koma pa kampeni mumva za misewu ndi milatho, za kulera amachita nazo manyazi ngati ndi zolaula.

Ndiye Sayana ndikuilimbikitsa kwa aliyense amene anesi amuuza kuti thupi lake likulola. Ndipo kandideti akabwera kudzapempha voti, ine ndikamufunsa pagulu kuti mu bajeti yake ndalama zogulira njira zolerera ndi zingati, azamba alemba angati, nanga atsikana osakwatiwa azithandizidwa osanyozedwa kapena ayi. Akayamba kuzemba voti yanga saiona.