Masiku awiri ndi mlangizi amene anatichotsera ntchito zisanu ndi ziwiri

Ndine msungichuma wa kabungwe kathu kosamalira zachilengedwe, ndipo ndine amene ndinakana kuti tilembe ganyu kampani ya alangizi. Ndalama zimene ankafunazo zikanagula machubu ndi mbewu za nazale ya chaka chathunthu. Komiti inandigonjetsa pa voti, asanu kwa awiri, ndiye cheke ndinasaina nkhope ili gwa. Papita miyezi 14 tsopano, ndipo ndingathe kunena zimene tinagula.

Malonda awo ndi awa: amatumiza munthu mmodzi kwa masiku awiri, akhale nanu pansi mpaka musankhe ntchito zoti muzigwira ndi zoti musiye, kenako pakatha milungu itatu akutumizirani lipoti. Kwa ife kunabwera mayi wina wolankhula motsitsa mawu, atanyamula mapepala akuluakulu omata pakhoma. Asanabwere anali atatipempha zinthu ziwiri zokha, mabuku a ndalama a zaka zitatu ndi kaundula wa anthu odzipereka. M'kaundulamo munali mayina 61, nambala imene timaikonda polemba makalata opempha thandizo. Mayiwo anafunsa kuti mwa anthuwo ndi angati anabwera kuntchito katatu kapena kuposa apo chaka chathachi. Tinawerenga, tinabwerezanso, tinapeza 17.

Kenako tinalemba pakhoma zonse zimene timachita. Nazale, kubzala mitengo paphiri, kutola zinyalala m'mbali mwa mtsinje, makalabu m'sukulu zinayi, kuyeza madzi, tsamba la pa Facebook, kulambula njira zotchinga moto, ndi zina mpaka zinakwana 11. Anthu 17, ntchito 11. A wapampando anaseka okha n'kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Palibe anawathandiza kuseka, chifukwa ntchito iliyonse pakhomapo inali ndi mwini wake m'chipindamo.

Njira imene mayiwo anatsata si yawo, ndipo anatiuza zimenezi poyera, zomwe ndinaziyamikira. Ndi ya Open Standards for the Practice of Conservation, imene mgwirizano wa mabungwe wa Conservation Measures Partnership unatulutsa koyamba mu 2004, ndipo aliyense angaipeze pa intaneti. Simuyamba ndi ntchito zimene mumakonda. Mumayamba ndi kutchula zinthu zimene mukufuna zidzakhalepobe kutsogolo, kwa ife kankhalango kachilengedwe kotsala pamwamba pa phiri, mtsinje ndi dambo. Mukatero mumalemba zimene zikuwononga chilichonse mwa izi, ndipo chowononga chilichonse mumachifunsa mafunso atatu: chafika pa gawo lalikulu bwanji, chikuwononga mozama bwanji, ndipo chikawononga zinthuzo zingabwererenso?

Funso lachitatuli ndi limene linandigwira. Mapepala apulasitiki m'mbali mwa mtsinje amanyansa, amatsekanso ngalande, koma ambiri ukawasiya lero ukawapeza mawa n'kuwatola. Mtengo wa zaka 80 ukapsa ndi moto wolusa, ine ndi ana anga sitidzauonanso. Titaika mabuku anga pambali pa mayankhowo, zinaoneka kuti ndalama zoposa theka zimapita ku nazale ndi kubzala, pamene kankhalango kamene kalipo kale timangokapatsa Loweruka limodzi pachaka. Mabukuwo ndimalemba ndine, koma ndinali ndisanawawerengepo motero.

Masana anatipatsa kasamu kamene Liana Joseph, Richard Maloney ndi Hugh Possingham anafalitsa mu 2009 posankha zamoyo zoyamba kupulumutsa ku New Zealand: phindu la ntchito, kuchulukitsa ndi mwayi woti itheka, kugawa ndi ndalama zofunika. Apa anafunsa kuti mwa mbande zimene tinabzala zaka ziwiri zapitazo, zamoyo ndi zingati. Tonse timadziwa zimene tinabzala, koma zamoyo palibe anali ataziwerengapo. Mayiwo anatseka kope, nati tiyeni tikaone. Tinakwera phiri, tinawerenga maenje 200 pa malo amodzi. Munali mitengo 58. Pakati pa maenje opanda kanthuwo panali zitsa zakale zitaphukira zokha, zina zotalika kundiposa, zimene sitinazithirirepo madzi ngakhale kapu imodzi.

Ali chiimire pomwepo anatifotokozera za Tony Rinaudo, amene mu 1983 ku Niger anazindikira kuti zitsamba zimene ankaziona m'minda zinali mphukira za mitengo yodulidwa imene mizu yake inali yamoyo. Alimi atayamba kusiya mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa chilichonse n'kudulira zotsalazo, mitengo pafupifupi 200 miliyoni inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, popanda nazale. Anatchulanso malamulo khumi obwezeretsera nkhalango amene akatswiri a ku Kew, malo ofufuza za zomera ku England, ndi anzawo anatulutsa mu 2021, kuti loyamba penipeni ndi kuteteza nkhalango imene ilipo kale.

Bambo amene amayang'anira nazale yathu, munthu wamkulu kwa tonsefe, anavula chipewa n'kufunsa kuti, "Mayi, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutungira madzi m'dengu?" Mayiwo anayankha kuti, "Ayi bambo, mbande zanu n'zabwino. Zikufera kumene tikukazisiya." Yankho limenelo lokha linakwana gawo la ndalama zimene tinalipira. Akanakhala mmodzi wa ife wonena zomwezo, komiti ikanagawanika tsiku lomwelo. Mlendo ananena, n'kukwera galimoto, ife n'kutsala tikupatsanabe moni.

Pofika madzulo a tsiku lachiwiri ntchito zinatsala zinayi: kutchinga moto, kudulira zitsa, kalabu ya sukulu imodzi yoyandikana ndi phiri, ndi nazale yaing'ono.

Zolakwika zilipo, ndipo china chinatipweteka. M'tebulo la m'lipoti lawo anthu odzipereka analembedwa ngati maola, ndipo maolawo anawasuntha monga mmene ine ndimasunthira ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Maola 300 a kutola zinyalala anangowakokera ku kulambula njira za moto. Koma munthu wobwera kudzatola zinyalala amabwera ndi ana ake ndi anzake, amagwira maola atatu, amaona matumba ataunjikana, amajambulitsa, amapita kwawo mtima uli mbee. Kulambula ndi ntchito ya khasu ndi chikwanje, dzuwa lili pamutu, ndipo ikayenda bwino palibe chimaoneka, moto sunabwere basi. Titasiya kutola zinyalala, anthu asanu ndi mmodzi mwa 17 aja anazimiririka pang'onopang'ono, osakangana ndi aliyense. Choipa kwambiri n'chakuti atsopano anasiya kubwera. Nditafufuza m'kaundula ndinapeza kuti pafupifupi onse amene lero amagwira ntchito zolemetsa, ineyo ndemwe, tinalowera pa tsiku lotola zinyalala. Kasamu kaja kanayeza zimene tsikulo limachitira mtsinje, osayeza zimene limachitira bungwe. Tinalibwezeretsa, kanayi pachaka, ndipo silidya ndalama kupatula magolovesi ndi matumba.

Chachiwiri ndi ndalama zomangidwa. Thandizo lathu lalikulu linabwera ndi mgwirizano wonena chiwerengero cha mbande zoti tibzale, ndipo sindingalipatutse popanda chilolezo cha eni ake. Ndinanena zimenezi tsiku lachiwiri, mayiwo analemba m'kope, koma m'lipoti ndalamazo anazigawira ku ntchito zatsopano ngati kuti n'zathuzathu. Ndinatha miyezi inayi ndikulemberana ndi otithandizawo kuti alole kuwerengera zitsa zoduliridwa pamodzi ndi mbande. Analola theka. Mlangizi wodziwa mabungwe ang'onoang'ono anayenera kutithandiza kulemba kalata imeneyo, chifukwa popanda iyo dongosolo lonse likanangokhala papepala.

Lipotilo ndi la masamba 38, lodzaza mabokosi ndi mivi. Timagwiritsa ntchito tsamba limodzi, limene ndinalimata mkati mwa chikuto cha buku la ndalama. Titaimba foni patatha miyezi itatu kuti tifunse za anthu amene ankachokawo, anatiuza kuti kukambirana kwina kuli ndi malipiro akeake, zomwe m'kalata yoyamba zinali m'timalemba tating'ono ta pansi.

Kodi ndingawaitanenso? Kamodzi kanakwana. Bungwe limene komiti yake imatha kuuzana zoona popanda kukwiyirana lingathe kutsitsa njirayi pa intaneti n'kudzichitira lokha. Ife sitikanatha. Amene mukufuna kuwalemba ganyu, apatseni mgwirizano wanu ndi okuthandizani asanabwere, muumirire kuti m'chipindamo mukhale odzipereka wamba awiri kapena atatu osati akomiti okhaokha, ndipo ulendo wobwereza ulowe m'malipiro oyamba.

Chaka chino moto unafika pa njira imene tinalambula kumadzulo kwa phiri n'kuthera pomwepo, ngakhale kum'mwera unalowa pang'ono chifukwa tinachepa manja. Bambo a nazale aja tsopano amayenda ndi kampeni kodulira m'thumba la malaya. Mbande amafesabe, 400 zokha, ndipo iliyonse ikabzalidwa amaikhomera kachikhomo kokhala ndi nambala kuti mwezi wa chisanu ndi chimodzi akaiwerenge okha.