Jombo zapakaunjika zimene ndinakwera nazo phiri la Domwe

Ndinazigula pamsika wa ku Ulongwe, zachikopa, zofika m'katumba. Wogulitsa anati, "Achimwene, izi ndi za ku America, amavala anthu oyenda wapansi miyezi yathunthu." Ndinaseka, koma kunena zoona kumeneko ilipo njira ya Pacific Crest Trail, yoposa makilomita 4,000, kumene oyenda amakumana ndi njoka ya rattlesnake. Iyo kunsonga kwa mchira ili ndi timaseche touma ngati zikhadabo, ndipo nthawi zambiri imaliza kuti wobwerayo adziwe.

Yathu kuno ndi mphiri, ndipo ilibe timaseche totero. Imangogona panjira, khungu lake ngati masamba ouma, osasuntha.

Tikutsika Domwe masana, dzuwa lili paliwombo, ndinamva kufuuu pafupi ndi phazi lamanzere. Inali mphiri, itadzipinda pamwala, yonenepa ngati mkono wanga. Ndinabwerera chafutambuyo, mphwanga akunjenjemera kumbuyoko. Sinandilume, choncho sindinganame kuti chikopacho chinayesedwa. Koma mapazi anali ophimbika, pamene mphwanga anavala patapata.

Zidendene zimagwira bwino pamiyala yoterera, ndipo mame a m'mawa sanalowe. Kulemera kokha ndiye ayi ndithu, pofika kumudzi miyendo inali ngati ndasenza thumba la mbatatesi kuchokera ku Tsangano. Zinanditulutsanso matuza awiri chifukwa ndinavala sokosi zopyapyala. Chingwe chimodzi chinaduka tsiku lomwelo, ndinamangira luzi.

Pogula, lowetsani dzanja m'kati, zina zimakhala zong'ambika kale kuchala.